Chigubu Chisakupatutse pa Tala

Mphwanga, iwe amene umagwira chiwongolero pa msewu wa M12, kuchoka ku Lilongwe kudutsa pa Namitete, pa Waliranji ndi pa Kamwendo mpaka pa Boma la Mchinji kapena kuchipata cha Mwami, mitengo ya dizilo ukuidziwa kale chifukwa imatuluka m'thumba mwako. Pakati pa chaka cha 2022 lita ya dizilo inafika pa K1,920. Mu November 2023, kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, bungwe la MERA linaikweza kufika pa K2,734. Pa 1 October 2025 inafika pa K3,500, ndipo mu January 2026 inalumphanso kuyandikira K5,000.

Kuchoka ku Lilongwe kufika pa Boma la Mchinji ndi makilomita pafupifupi 110. Tiyerekeze kuti minibasi yako imamwa malita 25 kupita ndi kubwera. Ulendo umene unkathira dizilo wa K48,000 unadzafuna K68,350, kenaka K87,500, kenaka kupitirira K120,000. Mipando ndi yomwe ija. Okwera ukawakwezera kwambiri amatsika n'kukadikira lole ya matola. Bwana akufuna taget yake madzulo, ndipo mwina waikweza poti matayala ndi masipeyala nawo akwera. Kondakitala adye, oyitanira alandire yawo, kuphatikizapo tina tam'njira tomwe sitilembedwa m'buku. Zonse zikachoka, zotsala ndiye zako, ndipo masiku ena kulibe chotsala. Wa lole yonyamula soya kapena mtedza kuchokera ku Mkanda ndi ku Kapiri akulira chimodzimodzi. Wa thiraki yodutsa malire amapatsidwa malita owerengeka, ndipo akaperewera panjira amadulidwa pa malipiro.

Zonsezi ndi zoona, sindikutsutsa ngakhale chimodzi. Chomwe chikundidetsa nkhawa n'chakuti munthu amene wapanikizika chonchi sachedwa kupeza womumvetsa. Womumvetsayo amabwera ndi chigubu m'manja.

Pa 17 November 2016, m'mudzi wa Caphiridzange, m'boma la Moatize m'chigawo cha Tete ku Mozambique, thankala ya mafuta inaphulika pakati pa khamu la anthu. Inachokera ku doko la Beira ndipo mafutawo ankabwera kuno ku Malawi. Anthu ambiri anafera pomwepo, ena anakamwalira ku chipatala chachikulu cha Tete m'masiku otsatira. Omwalira anakwana 80 n'kupitirira, ovulala oposa 100, ndipo ena mwa iwo anali ana. Boma la Pulezidenti Filipe Nyusi linalamula masiku atatu a maliro a dziko lonse.

Malinga ndi zomwe akuluakulu a kumeneko ndi atolankhani anafotokoza, dalaivala anachoka pa msewu waukulu n'kulowa kanjira kam'mbali kuti akagulitse mafuta mwamseri. Ali mkati mopopa, pampu yomwe ankagwiritsa ntchito inayambitsa moto. Dalaivala anathawa, kusiya thankala pomwepo, mafuta ambiri akadali m'kati. Tsiku lotsatira anthu a m'mudzi anabwera ndi ndowa, zigubu ndi mabotolo kudzatunga. Ndi pamene chinthu chija chinaphulika.

Nkhaniyi ikamakambidwa pa depoti, ambiri amathamangira kunyoza anthu a m'mudziwo: umbuli, dyera, munthu wanzeru angayandikire bwanji thankala yomwe yayakapo kale moto? Ine sindiyambira pamenepo. Anthu aja sanaitane thankala m'mudzi mwawo. Inabweretsedwa ndi munthu wa laisensi, wodziwa bwino zomwe wanyamula. Cholakwa chachikulu chinachitika dzulo lake, pamphambano, pamene mawilo akutsogolo anatsika pa tala n'kuponda fumbi.

Taima pamphambano pamenepo, uganize zomwe munthu amasiya kumbuyo akamapatuka. Ku depoti ya mafuta ndi pa filing'i siteshoni, thankala isanatsitse imamangiriridwa waya wopita pansi kuti magetsi obadwa pamene mafuta akuyenda m'payipi asathethetse moto. Mapampu ake anapangidwira mafuta. Pali zozimitsira moto, pali mchenga, wosuta fodya amathamangitsidwa. Kutchire kuli chiyani? Kapampu kothirira kudimba, mawaya osenda omata pa batire, tochi ya foni, ndi mnyamata wina amene waima chapompo ndudu ili kukamwa. Onse ali pa changu chifukwa akuopa kuonedwa.

Koma chachikulu chomwe munthu amataya akapatuka ndi ichi: zinthu zikavuta, alibe womuitana. Thankala ikagwira moto pa msewu waukulu, dalaivala amaimbira bwana wake, amaimbira apolisi, amaimitsa magalimoto, amakuwa kuti anthu atalikire. Ali ndi ufulu wokuwa chifukwa ali pamalo pake. Wa ku Caphiridzange uja akanaimbira yani? Akanati ali kuti, akutani kumeneko? Kuti apulumutse mudzi ankayenera kudziulula yekha kuti ndi wakuba. Anasankha kuthawa, ndipo thankala inagona usiku wonse pakati pa anthu popanda mwini wake woti n'kunena kuti musayandikire, m'katimo mukadali mafuta. Usafulumire kunena kuti iwe ukanachita mosiyana. Moto uli kuyaka, ndende ili kutsogolo, malire ali pafupi: ukanaima?

Ndikudziwa chomwe ukufuna kundiyankha. Ukuti uja anali petulo, ine ndimayendera dizilo, ndipo dizilo saphulika. Pang'ono ukunena zoona. Petulo amatulutsa mpweya woyaka ngakhale kukuzizira chotani, pomwe dizilo weniweni amafuna atenthe kupitirira madigiri 50 kuti mpweya wake ugwire moto. N'chifukwa chake anyamata a m'galaja amachita naye masewera. Koma dizilo wa m'zigubu ndi weniweni? Palafini amagwira moto pa madigiri ochepera pamenepo, ndipo ndi amene amathiridwamo kuti malita achuluke. Petulo pang'ono chabe akasakanikirana ndi dizilo, chisakanizocho chimayaka msanga ngati petulo yemwe. Chigubu chomwe dzulo chinanyamula petulo n'chomwe lero chanyamula dizilo wako, payipi ndi yomweyo, ndipo m'kanyumba momwe venda amasungiramo katundu wake zigubu zonse zimagona pamodzi. Chigubu cha petulo chopanda kanthu n'choopsa kuposa chodzaza, chifukwa chadzaza mpweya. Kodi unayamba wafunsapo kuti mbaula ya m'nyumba imeneyo imayatsidwira pati?

Ku Mchinji mayeserowa ndi aakulu kuposa maboma ambiri, chifukwa cha malire. Mu December 2022 a Lazarus Chakwera ndi a Hakainde Hichilema anatsegula chipata chatsopano cha Mwami ndi Mchinji, choti munthu azionetsa mapepala malo amodzi. Koma malire enieni ndi aatali, amadutsa m'minda ndi m'midzi momwe mwana ali ku Malawi, amalume ake ali ku Zambia, chinenero chimodzi, maliro amodzi. Njinga yamoto yomanga zigubu zinayi imadutsa m'tinjira timeneti osaona chipata. Mafuta amayenda kutsata kumene kuli phindu, ndipo mbali yake imasinthasintha. M'zaka za 2011 ndi 2012, pa nthawi ya a Bingu wa Mutharika, mapampu atauma kuno, zigubu zinkachokera ku Chipata kulowa m'Malawi. M'zaka za 2024 ndi 2025 zinthu zinatembenuka. Ku Zambia bungwe lawo la ERB linkaunika mitengo mwezi ndi mwezi, pomwe kuno mtengo unaima malo amodzi kwa zaka pafupifupi ziwiri kwacha ikugwa pa msika wamseri. Munthu wosintha ndalama yakunja mwamseri ankapeza mafuta athu otchipa, ndiye ena ankatuluka m'dziko ife tikugona pa mzere. Mitengo ikakwera phindu lotulutsa limachepa, koma lita iliyonse yomwe ili m'thanki mwako imakhala ya ndalama zambiri kuposa kale. Malita 20 omwe kale anali a K38,400 anayandikira K100,000 mu January 2026. Venda masamu amenewa amawadziwa bwino kuposa iwe.

Ndiye tamvera mmene amayambira. Sabwera n'kunena kuti tiyeni tibe. Amayamba ndi kukudandaulira. “Adala, mukuvutika inu, bwana wanu akungodya ali khale ku tauni.” Tsiku lina amakugulira nsima. Tsiku lachitatu ndiye amati: “Tingochotsako 20 yokha, geji sionetsa.” Ukazengereza amakuuza kuti aliyense amapanga, n'kutchula mayina a anzako awiri, ndipo mwina sakunama. Akamaliza amakusonyeza malo: kuseri kwa chigayo, pa kamsewu kopita kumunda wa fodya, mamita ochepa chabe kuchoka pa tala. Wakutsina khutu ndi mnansi, mphwanga: munthu amene akufuna kuchita nawe malonda pamalo pomwe magalimoto ena sakuona akudziwa kuti zikavuta sudzakuwa.

Zizindikiro zina zili mwa iwe mwini, ndipo izi ndi zomwe umazinyalanyaza. Kodi kuseri kwa mpando wako kuli kapayipi komwe si ka galimotoyo? Kodi m'foni mwako muli nambala zomwe unasunga ndi mayina abodza? Kodi wayamba kuphunzira mmene amazimitsira tracker, kapena kufunsa anzako malo omwe netiweki imaduka? Ukamalemba makilomita m'buku, umalemba omwe wayenda kapena omwe akugwirizana ndi mafuta otsala? Chizindikiro choopsa kuposa zonse ndi pamene mayi a kunyumba ayamba kuwerengera ndalama ya chigubu pa bajeti ya mwezi, lendi kapena fizi ya mwana n'kudalira pamenepo. Zikafika apo sungathenso kukana, ndipo venda amadziwa. Malita 20 aja amasanduka 40. Amayamba kukutchulira mtengo iyeyo. Tsiku lomwe udzati ndasiya, adzakukumbutsa kuti nambala ya bwana wako ali nayo.

Unaonapo munthu akupopa ndi pakamwa? Amagwada pambali pa thanki, payipi kukamwa, n'kuyamwa masaya kulowa m'kati. Mafuta akabwera mwadzidzidzi amalavula, maso ali psuu, akutsokomola, anzake akuseka. Amatsuka m'kamwa ndi madzi a m'botolo n'kupitiriza. Amene amezedwa kupita m'mimba amavuta, koma oopsa kwambiri ndi amene alowera kum'mero wopumira. Dizilo kapena palafini pang'ono akafika m'mapapo amawatupitsa, ndipo chibayo chake chimadzaonekera patapita maola, munthu atafika kale kunyumba: kubanika, kutentha thupi, kupweteka pachifuwa. Wotere sayenera kudzisanzitsa, chifukwa posanza mafuta amalowanso m'mapapo. Ayenera kupita kuchipatala n'kukanena zoona. Koma taona, ngakhale pamaso pa dokotala amayamba ndi bodza, akuti ndi chimfine chabe, poopa funso loti mafutawo mumayamwa a yani.

Mwina iwe sugulitsa, umangogula. Pa siteshoni palibe mafuta, kapena alipo koma mzere wafika kumsika, okwera adzaza kale, ndipo mnyamata wa zigubu ali pomwepo. Nthawi zina mtengo wake ndi wokwera kawiri, ndipo umagula chifukwa tsiku likutha. Nthawi zina ndi wotsika kuposa wa pa pampu, ndipo apa ndiye uyenera kuchita mantha. Munthu angagulitse bwanji motchipa kuposa pomwe anagula? Ndiye kuti mafutawo ndi obedwa, kapena athiridwa china.

Chigubu chachikasu chija, chomwe kale chinali cha mafuta ophikira, sichionetsa za m'kati. Tathirako pang'ono m'botolo loyera la galasi, uliimike pamthunzi. Madzi amalemera kuposa dizilo, ndiye amakhala pansi, mzere wake uli woonekera bwino. Matope ndi dzimbiri zimatsikiranso pansi. Dizilo wa chifunga, wosaonekera bwino, ali ndi madzi. Palafini ndiye wovuta kumuona, koma fungo lake limamveka, ndipo ukapaka pakati pa zala amauma msanga, alibe kuterera kwa dizilo. Kuterera kumeneko si kwachabe. Injector pump zambiri ndi manozo zilibe oyilo wina wozifewetsa, zimadalira dizilo yemweyo. Injini zatsopano za common rail zimakankha mafuta ndi mphamvu yoposa mabar 1,500 kudutsa m'timabowo tating'ono kwambiri, moti kadontho ka madzi kapena kamchenga n'kokwanira kuwononga. Galimoto siifa tsiku lomwelo, ndipo n'chifukwa chake ambiri amapusitsika. Imayamba kuvuta kulira m'mawa. Utsi umasintha, kukhala woyera kapena wakuda kwambiri. Pa chitunda pomwe unkakwera ndi giya yachitatu umayamba kufuna yachiwiri. Kanyali ka madzi a mu fyuluta kamayaka, iwe n'kukaphimba ndi chithunzi cha timu yako. Pomwe makaniko akutsegula n'kukuuza mtengo wa pampu ndi manozo anayi, ndalama yomwe unapulumutsa pa zigubu zonse zija siikwana ngakhale theka.

Ukadandaule kuti? Mafuta oipa ogula pa siteshoni ali ndi lisiti, ali ndi dzina la kampani, ndipo MERA ilipo yolandira madandaulo otere. A m'chigubu alibe mwini. Ukabwerera pamalo paja upeza mnyamata wina, kapena yemwe uja akukufunsa kuti munagula liti, ndani anaona. Kupolisi sungapite, chifukwa lamulo la mafuta la 2004, la Liquid Fuels and Gas (Production and Supply) Act, silola kugulitsa, kusunga kapena kunyamula mafuta a malonda popanda laisensi, ndipo iwe unali mbali ya malonda amenewo. Kwa bwana sunganene zoona. Umangoti galimotoyi yakalamba.

Chimodzimodzi ukavomera kanyamulidwe ka usiku: zigubu khumi pansi pa matumba a chimanga, kukatula kutsidya kudzera njira ya m'munda, ndalama yake yoposa ya sabata yonse. Akakugwira, m'chitokosi umalowa ndiwe, galimoto n'kugwidwa. Mwini katundu foni yake imazima. Mwini galimoto amauza apolisi kuti sanakutume, ndipo sakunama. Ukakumana ndi achifwamba m'tinjira timeneto, amakulanda podziwa kuti sukanena kulikonse.

Pali kupatuka kwina komwe kumachitika matayala ali pa tala pomwe. Kuika fili pa mtsetse kuti upulumutse mafuta, kapena kuzimitsiratu injini: ndani anakuphunzitsa zimenezi? Injini ikazima chiwongolero chimauma, mabuleki amalimba, ndipo pa lole ya mabuleki a mpweya kompuresa imasiya kudzaza matanki. Galimoto yolemera yomwe ili mu fili imasiyira mabuleki okha ntchito yonse, n'kutentha mpaka kusiya kugwira. Chomvetsa chisoni n'chakuti pa injini zamakono phindu lake kulibe: ukachotsa phazi pa moto giya ili m'kati, kompyuta ya galimoto imadula yokha mafuta. Nanga kulongeza anthu anayi pa mpando wa atatu, matumba a mtedza mpaka kudenga? Tayala likaphulika pafupi ndi Magawa, a inshuwalansi adzawerenga anthu omwe anali m'katimo asanalankhule china chilichonse.

Ndipo ukadzapeza thankala itagwa m'mbali mwa msewu, anthu akuthamangirako ndi ndowa, usaime kuti nawe utungeko, ngakhale kondakitala akuchonderere. Pitirira patali, usalole wokwera aliyense kutsika, imbira apolisi. Zoti ndi dizilo kapena petulo usadikire kuzidziwa uli pafupi.

Tsono utani, poti dizilo sakutsika? Yamba ndi kudziwa galimoto yako. Dzaza thanki, lemba makilomita, yenda, dzazanso, uone malita enieni omwe imamwa pa ulendo umodzi. Madalaivala ambiri amangoyerekeza, n'chifukwa chake akamakangana ndi bwana amagonja. Sunga malisiti onse m'kathumba kapulasitiki. Matayala opanda mpweya wokwanira amadya mafuta, fyuluta ya mpweya yodzaza fumbi la ku Mkanda imadya mafuta, ndipo chizolowezi choliza injini pa depoti kwa ola lathunthu, kukankhira kutsogolo pang'ono n'kubwerera kuti okwera aganize kuti mukunyamuka, chimamwa dizilo wa ndalama zomwe ukanagulira ndiwo. Okwera a masiku ano machenjera amenewo anawadziwa kalekale.

Ukatero pita kwa bwana masana, buku lili m'manja, osati usiku pomwe waperewera taget. Muonetse kuti ulendo umodzi unkadya zakuti, lero ukudya zakuti, ndipo okwera akulipira zakuti. Pempha kuti taget iunikidwe nthawi iliyonse MERA ikasintha mtengo, kapena kuti mafuta azichotsedwa kaye musanagawane zotsala. Ngati uli wa thiraki, malita omwe umapatsidwa alembedwe pa pepala pamodzi ndi kulemera kwa katundu ndi njira yomwe ukudutsa. Usapite wekha ngati muli angapo kwa bwana mmodzi. Mu 2021 madalaivala a mathiraki ataimika magalimoto pofuna malipiro abwino, mapampu anayamba kuuma m'matauni ndipo boma linakhala nawo pansi. Bwana wina adzamva, chifukwa nayenso akudziwa mtengo wa injector pump. Wina adzakuuza kuti madalaivala ndi ambiri pa depoti. Ameneyo mupatse makiyi ake pamaso pa mboni, thanki ili pomwe munagwirizana, ndipo umuuze akulembere kalata yosonyeza kuti wachoka wopanda mlandu, chifukwa kwa bwana wotsatira adzaifunsa.